Dzina Langa Lapita ku Khothi la Apilo

Lolemba, 4 Marichi

Mng'ono wanga Loyce wayimba ndili m'basi kuchokera ku Govanhill, kuno ku Glasgow. Akuti akumuganizira kukhala jaji wa khothi la apilo ku Amereka. Pamwamba pake pali khothi limodzi lokha! Kamwana komwe ndinkakazula matekenya kaja. Ndinakuwa mpaka dalaivala kucheuka.

Koma akuti boma limayamba lafufuza munthu kuyambira ali mwana. Ofufuzawo andiyimbira ine Lachinayi.

Lachiwiri, 5 Marichi

Mtima suli m'malo. Loyce weniweni ndine.

Mu 1987 iye, Ndapile, anakhoza Sitandade 8 koma sanasankhidwe kusekondale, ndipo wobwereza mwayi wake unkachepa. Ine n'kuti nditalekera mu 7 kuti ndizidwazika amayi, dzina langa likadali m'kaundula. Bambo anati tisinthane mayina. Sanandifunse n'komwe. Kwathu ku Ntcheu ambiri ankatero, koma mzungu ungamufotokozere bwanji? Pasipoti yanga, ngakhale baji yakuntchito, zonse Ndapile.

Lachitatu, 6 Marichi

Bambo akunyumba, a Thom, akuti, "Ungoti wayiwala, case closed." Ine mayi wa Mvano, ndiname? Nanga ndinene zoona, ndimugwetse mwana atakwera chonchi?

Lachinayi, 7 Marichi

Wofufuzayo ndi bambo Rowland, aulemu kwabasi. Ankadziwa ndi dzina la mphunzitsi wathu wamkulu lomwe. Anthu awa! Kenako funso lija: kodi anagwiritsapo dzina lina?

Ndaulula zonse. Iwo kumangotayipa. Ndikuopa kuti ndamuphera ntchito mwana wa amayi anga.

Loweruka, 20 Epulo

Dzina la mng'ono wanga alipereka ku Seneti, nyumba ya malamulo yoti imuvomereze! Ndamuuza zomwe ndinachita. Iye kuseka. "Achemwali, ndinalemba ndekha pa fomu. Mukananama, ndiye tikanagwa tonse." A Thom angoti kukamwa yasa.

Lachitatu, 22 Meyi

3 koloko masana, m'kachipinda kopumira kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito. Ine ndi Aisha, mnzanga wapashifiti, maso pafoni, tikuonera mng'ono wanga akufunsidwa mafunso ku Seneti. Chiholo chachikulu ngati tchalitchi, aphungu atakhala pamwamba, iye yekha patebulo. Ankayankha mosagwedezeka, ine thupi lonse tsemwe.

Atamuuza kuti atchule abale ake, anati: "Dzina mukuliwerengali ndi la mkulu wanga. Iye anatsala n'kumasamalira amayi, ine ndinapita nalo kusukulu. Panopa akusamalira makolo a anthu ena ku Glasgow. Ndayesetsa kuti ndisalidetse."

Ndinalira osachita manyazi. Zaka 37 ndinkati dzinalo linatayika.

Belu la m'chipinda 12 linalira. Ndikudzuka, Aisha anandigwira mkono.

"Khalani kaye, ndipita ine. Loyce."

Ndinavomera.