Muwawani Uja Sitidula

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Lirangwe tili bwino, chifuwa cha mayi chija chachepa.

Ndikulemba ndi chimwemwe chachikulu! Mwana wanga Tadala, uja akuphunzira zamankhwala m'tauni, anabwera miyezi yapitayi kudzatenga makungwa a muwawani wa kuseri kwa nyumba. Anafuna kusenda kuzungulira thunthu lonse, ine n'kumulanda chikwanje. Ndinamuonetsa mmene ankachitira malemu bambo: kusenda pang'ono kum'mawa, pang'ono kumadzulo, kenako kumata dothi pabalapo kuti mtengo usafe.

Dzulo Tadala watsika minibasi akuthamanga. "Amayi, zatheka!" Akuti ku labu amasunga timaselo ta m'mimba m'timbale, n'kutithira mankhwala otupitsa. Pamene anadonthezapo madzi a makungwa aja, kutupa kunachepa, ndipo timaselo tambiri tinakhalabe tamoyo. Ndinaimba nthungululu mpaka aneba anatuluka! Koma mwanayo anandidula: "Zimenezi ndi za ku labu, pa anthu sitinayesere. Mapiritsi anu a zilonda za m'mimba musasiye." Ndamvera.

Tsono za uthenga wanu woti tidule mtengowu tiwotchere njerwa za nyumba yanu, pepani achimwene, ndakana. Anthu amene anabwera kudzaudula ndawabweza, nkhuni tipeza kwina. Muli mwana munkagubuduka pamkeka ndi m'mimba, bambo n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kukasenda makungwa a mtengo womwewu. Mwaiwala kodi?

Mukamabwera mudzamutengere Tadala jasi yoyera ya ku labu. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati