Nkhalamba Yotukwana m'Basi ya ku Dungun

Lolemba, 8 Meyi

Ndafika ku Mersing. Zaka khumi ndi zinayi ndikugwira ntchito ya m'nyumba ku Johor Bahru, koma gombe la mbali ino ndaliona lero. Madamu andipatsa chikwama cha kumsana cha mwana wawo. "Tenga, Muna, changokhala." Ndege yobwerera kwathu ku Parepare ndi ya pa 19. Masiku onsewa palibe wondiitana.

Mwana wanga Risma ndamuuza kuti ndikadali pa ntchito. Mwana ameneyu akadziwa kuti mayi ake akungokwera mabasi okha, foni siingapume. Komanso angafunse chifukwa chake sindinathamangire kwathu.

Lachiwiri, 9 Meyi

Kuala Rompin, kenako Pekan. Dalaivala amaliza hutala pa mlatho uliwonse. Ndinapirira milatho itatu, pa wachinayi ndinamufunsa. Akuti bambo ake ankatero, iye sanafunsepo.

Ndadya mpunga ndi nsomba yootcha pa kanyumba ka pagombe. Nditamaliza ndinangopezeka ndanyamula mbale, ndikufunafuna potsukira. Mwini wake: "Achemwali, mwabwera kudzadya kapena kudzandilanda ntchito?" Manyazi!

Lachitatu, 10 Meyi

Lero ndiye kwachitika zinthu.

Ku Kuantan ndinakwera ya ku Dungun. Kutsogolo kwanga kunakhala bambo wokalamba kwambiri ndi mayi wa msinkhu wanga. Basi itagunda dzenje, nkhalamba ija inakuwa m'Chibugisi, Chibugisi chenicheni cha kwathu: "Iwe mutu wa kokonati! Kuyendetsaku unaphunzirira pa msana wa njati?"

Ndinaphulika kuseka. Basi yonse chete, woseka ine ndekha. Agogo aja anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiwe mwana wa ndani?" Ndinatchula bambo anga ndi mudzi. Akuti, "Anthu a kumeneko ndi akuba nkhuku." Sananame kwenikweni.

Mayi uja anandigwira mkono mpaka kupweteka. Dzina lake Rohaya, mwana wawo womaliza. Agogowo ndi Ambo Sakka, anabwera kuno ali mnyamata, nakwatira konkuno, moyo wonse pa boti la nsomba. Chimalayi cha kunochi ankayankhula ngati mbadwa. Koma chiyambireni kudwala matenda oiwala zaka ziwiri zapitazo, chonse chinathawa, kunatsala chinenero cha ubwana wawo. M'nyumba monse palibe amachimva.

"Zaka ziwiri, achemwali. Timangoti eya, eya. Chonde tsikani nafe."

Tikiti yanga inali ya Dungun. Ndinatsikira pa kamudzi kawo, Dungun tisanafike. Sindinganene kuti chinali chifundo chokha. Ndimafuna kudziwa zomwe munthu amanena kwa zaka ziwiri popanda womumva.

Lachinayi, 11 Meyi

Zambiri n'zazing'ono. Tiyi akumachepa shuga. Mano ovala akuwabaya kumanzere (R., Rohaya uja, analira atamva zimenezi, ankaganiza kuti akukana chakudya mwadala). Mkamwini wawo Zulkifli akuti ali ndi nkhope ya nsomba youma. Zul anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinati akuti ndinu wolimbikira. "Bodza achemwali, nkhope yomwe amandiyang'ana nayo ndimaidziwa."

Koma pali china. Dzuwa likapendeka agogo amavala nsapato n'kupita pa geti. Geti amakhoma chifukwa kawiri konse anawapeza padoko, kamodzi madzi ali m'chiuno. Lero ndinaima nawo pamenepo. Amagwedeza zitsulo. "Tsegula. Mase akundidikira. Mvula ikubwera ndipo alibe chofunda."

Mase ndani? R. sadziwa. Sanamvepo dzinalo.

Ndinawafunsa agogo pang'onopang'ono, nthawi zina amandiyesa mayi ake a winawake, nthawi zina wogulitsa mchere. Zomwe ndatola ndi izi: I Mase (kwathu timatero potchula mkazi) anali mlongo wawo wamng'ono, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Makolo anali atamwalira. Tsiku lina anamukhazika padoko la ku Suppa, anamugulira nthochi yokazinga, n'kumuuza kuti dikira pompano ndikubwera. Iwo anakwera chombo. Sanalembe kalata, sanabwerere.

Ndinamasulira zonse, sindinachotsepo. R. anangoti, "Bambo angawa?" n'kulowa kukhitchini. Ndinamva akutsuka mapoto otsuka kale.

Lachisanu, 12 Meyi

Suppa ndi pafupi ndi kwathu, theka la ola pa njinga yamoto. Ndaganiza mmawa wonse. Woti ndimutume alipo mmodzi.

Ndinaimba. "Risma, ndikufuna upite ku Suppa ukafunse za mayi wina."
"Amayi, kukumveka atambala kumeneko. Madamu anayamba liti kuweta nkhuku?"

Ndinaulula. Iye: "Ine ndakhala ndikupenta chipinda chanu." Foni n'kudula.

Patapita ola, uthenga: Dzina la mayiyo ndani.

Loweruka, 13 Meyi

Palibe nkhani. Zul wanditengera kokaona momwe amapangira keropok, nsomba yopera ndi ufa, amaikulunga ngati chingwe. Ndafunsa mafunso mpaka amayi a kumeneko andipatsa mpando ndi mtanda kuti ndikhale chete.

Rohaya wandipempha kuti ndikhale, ndiziwasamalira agogo. Chipinda chilipo. Ndinatsala pang'ono kuvomera, pakamwa panga panazolowera. Ndinati ayi. Mawuwo anatuluka ngati a munthu wina.

Lamulungu, 14 Meyi

Risma waimba masana, akupuma mwaphuma. Anafunsa kumzikiti, anamutumiza kwa mayi wogulitsa nkhanu, ameneyo n'kumutumiza kwa mphunzitsi wopuma. I Mase anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Tsiku lija anamutola ndi mkazi wa msodzi wina, anamulera ngati wake. Anakwatiwa, ana asanu, zidzukulu zosawerengeka. Mwana wake wina akuti mayi awo ankati mlongo wawo anamira m'nyanja, ndipo chaka chilichonse ankamuwerengera mapemphero.

Ana akewo akufuna chithunzi cha agogo. Akufunanso kudziwa ngati ndi zoona kapena tikufuna kuwalanda malo.

Pomaliza Risma: "Amayi, nyanja yakumeneko ndi yotani?" Ndinamuonetsa pa foni. Akuti yathu ndi yabwino. Ndinati ndidzaweruza pa 19.

Madzulo pa geti ndinati, "Ambo, Mase anapita kunyumba. Anamutenga mayi wina wabwino."
"Mvula isanayambe?"
"Isanayambe."
"Anadya?"
"Anadya."
Anasiya zitsulo zija. Tinabwerera pakhonde, anamwa tiyi wa shuga wokwanira.

Lolemba, 15 Meyi

Basi ya ku Marang imadutsa 5 koloko madzulo. Chikwama ndamanga kale mmawa.

Za dzulo agogo aiwala, monga tinkayembekezera. Choncho tsiku lonse ndakhala ndikumuphunzitsa R. Ndamulembera pa katoni m'Chibugisi, mizere itatu: Mase anapita kunyumba. Mvula isanayambe. Anadya. Lilime lake ndi lolimba ngati thabwa, Zul amaseka mpaka anathamangitsidwa.

4 koloko itadutsa agogo anapita pa geti. Ine ndinaima patali, chikwama kumsana. R. anapita yekha, katoni ili m'manja, nanena mzere woyamba.

Agogo anatembenuka, tsinya lili gwa.

"Ukuyankhula ngati wa ku chilumba cha Jawa wodwala chimfine. Nenanso."

R. anandiyang'ana. Ndinamukodola kuti abwereze. Anabwereza.

"Ayi! Tamvera." Ananena iwo, pang'onopang'ono, liwu limodzi limodzi, chala chili m'mwamba. R. n'kutsatira.

Basi inaliza hutala kumsewu. Mmene ndimakwera anali akadali pa mzere woyamba.