Mapini Awiri Pageti la Holo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 52, telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo ondidziwa amati makina anga ndi pakamwa panga sizidziwa kupuma. Koma nkhani iyi ndikulephera kuikamba ndi pakamwa, n'chifukwa chake ndasankha kulemba.

Chaka chatha anandipeza ndi khansa, ndipo anandichotsa bere lakumanzere. Ndinachira, ndikuthokoza Mulungu. Bala litapola ndinatenga zigamba zofewa ndi thonje n'kusoka kapilo koti kazikhala pamalopo. Sikudzitama ayi, ntchitoyo ndinaigwira bwino, moti ngakhale amayi amene amabwera kudzayezetsa madiresi tsiku ndi tsiku sanazindikirepo kanthu. Kapiloko ndimakagwiriza kukamisolo ndi mapini awiri akuluakulu kuti kasamasunthe.

Miyezi itatu yapitayo kunali chionetsero cha makina osokera mu holo yaikulu ya m'tauni muno. Pageti panali mizere iwiri yoyandikana, wa abambo ndi wa amayi. Alonda ankasecha zikwama, kenako n'kuyendetsa pathupi kachipangizo kaja kamalira kakamva chitsulo. Sizasi ndinali nditaisiya dala kunyumba, ndolo ndinavuliratu, ndinkadziona wochenjera zedi. Za mapini aja sindinaganizeko n'komwe.

Kachipangizo katafika pachifuwa, kanalira. Mlondayo anali mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga. Anabwereza, kanaliranso. Atagwira ndi dzanja anamva kuti mbali ziwirizi sizikufanana, ndiye anafunsa kuti, “Mayi, mwabisa chiyani umu?”

Ndinayankha chapansipansi kuti, “Mwanawe, n'zakuchipatala.” Kaya sanamve chifukwa cha phokoso, kaya sanakhulupirire, sindikudziwa. Anangokweza mawu: “Tulutsani tione, anthu akudikira!”

Aphungu, ndinatulutsa. Pomasula, pini imodzi inandibaya chala. Mtsikanayo anakafinya kapiloko, kukatembenuza, n'kukakweza m'mwamba kufunsa mnzake kuti, “Iwe, izi timalola?” Bambo wina mumzere wa amuna anati, “Amayi abwera ndi pilo yomwe, akagona konko,” anthu n'kufa nalo phwete. Kenako mtsikana uja anayang'ana diresi langa, mbali imodzi itaphwa, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti wazindikira. Anandibwezera kapiloko. Ndinakaponya m'chikwama, chikwamacho n'kuchikumbatira pachifuwa, ulendo wa kunyumba. Makinawo sindinawaone, ndipo mpaka lero sindinauzepo munthu.

Vuto langa ndi ili. Mwana wanga wamkazi, chitsiriza, wamaliza maphunziro a uphunzitsi. Ndiye woyamba pabanja pathu kuvala gauni. Mwambo wolandira digiri uli Loweruka la sabata yamawa, ndipo uli mu holo yomwe ija. Anam'patsa makhadi awiri, langa ndi la achimwene anga, poti bambo ake anatisiya kalekale. Pansi pa khadilo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti aliyense adzasechedwa pageti. Nditawerenga, ndinayamba kufuna chonamizira.

Ndinamuuza mwanayo kuti sinditha kupita chifukwa miyendo ikutupa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Amama, miyendo yake iti? Yomwe mukupondera makina kuyambira m'mawayi? Ngati inu simupita, inenso sindipita. Pepalalo adzachita kunditumizira.” Ndimam'dziwa, sakuseka. Mutu umenewu ndi wa bambo ake. Diresi loti akavale ndinasoka ndekha, likungolendewera kuseri kwa chitseko, ndipo ndikaliyang'ana mtima umandiwawa.

Achimwene aja, pokhulupirira za miyendozo, akuti ali ndi mnzawo wosesa muholomo amene angandilowetsere khomo la kukhitchini kuti ndisaime pamzere. Kunena zoona, maganizo amenewa akundikopa.

Mwina mufunsa kuti telala wathunthu, bwanji osangosokera kathumba m'kamisolo n'kuwataya mapiniwo. Ndinayesa kawiri konse. Ndikangoika nsalu pamakina, misozi imayamba. Pini imandinamiza kuti zimenezi n'zakanthawi. Ndikasoka ndi ulusi, ndiye kuti ndavomera kuti basi, ndi mmene ndizikhalira.

Ndiye nditani, Aphungu? Ndilowere kukhitchini, kapena ndipitirize bodza la miyendo, mwana wanga aphonye tsiku lake? Kubwerera pageti lija ndikuopa ngati mwana.

N. B., telala wa pakhonde, m'tauni muno

*

Mayi telala,

Pepani kwambiri. Zimene anakuchitani pageti paja n'zolakwika, ndipo manyazi amene mwawasenza miyezi itatuyi si anu. Kusecha kumafunika pamalo osonkhana anthu ambiri, ndipo mlonda akamva kachipangizo kakulira ayenera kufunsa. Koma kuuza mayi kuti apise m'chifuwa pamzere, amuna akuonerera, si kusecha kumeneko. Ndikukhulupirira mtsikanayo anali wosaphunzitsidwa bwino osati woipa mtima, ndipo n'kutheka nayenso nkhope yanu imam'bwererabe. Bambo wa nthabwala ya pilo uja sitim'tayira inki.

Kumwamboko mupita. Tiyeni tikonze zoti mukalowe mutu uli m'mwamba.

Yambani ndi mwana wanu, lero lomwe. Bodza la miyendo lakanika kale, mwaona nokha. Panopa mwanayo akudzifunsa chimene anakulakwirani kuti mayi ake azembe tsiku lalikulu chonchi, ndipo zimene akuganizazo n'zowawa kuposa zoona zake. Anakuonani mukudwala, nkhani ya pageti siim'gwetsa. Mwina alira, mwina akwiya mpaka kufuna kukawayankhula alondawo. Mulekeni akwiye, mwakhala mukuzisenza nokha mokwanira.

Kenako tengani khadi lija mupite kuholoko mkati mwa sabata, kulibe chigulu. Funsani mkulu wa alonda. Simukuyenera kum'fotokozera mbiri yonse ya matenda anu. Ingomuuzani kuti munachitidwa opaleshoni ya pachifuwa, mumavala chothandizira, ndipo mukupempha kuti Lowerukalo akusecheni mlonda wamkazi pamalo obisika. Muuzeninso zimene zinachitika tsiku lija, osati kuti mtsikanayo achotsedwe ntchito, koma kuti mayi wina asadzazione. Lembani dzina la mkuluyo kuseri kwa khadi. Ngati mungathe, dzerani kuchipatala chanu akulembereni kakalata ka mizere iwiri, mukaike m'chikwama.

Tsikulo lawirirani, mzere usanatalike. Musadikire kuti kachipangizo kalire. Mukangofika pamaso pa mlonda, yambani ndinu: “Mwanawe, ndinachitidwa opaleshoni. Ndisechere pambali.” Nenani momveka, ndi mawu aja mumaitanira kasitomala amene waiwala diresi lake, osati onong'ona. Akavuta, tchulani dzina lili kuseri kwa khadi lija n'kuima pambali mpaka mwiniwakeyo abwere. Dziwaninso kuti ngakhale tizitsulo tomangira kamisolo nthawi zina timaliza kachipangizoko. Kakalira musanjenjemere, mwanena kale.

Tsopano za mapini. Ndikanakusekani kuti telala wathunthu akuyenda ndi mapini ngati wophunzira kumene, koma mwandiuza chifukwa chake ndipo ndamva. Sindikukakamizani kuvomera zimene mtima sunafikepo. Inu mukudziwa kuposa ine kuti pali kusoka kongogwiriza, kwa ulusi wotalikirana uja mumausolola kasitomala akatha kuyeza. Gwirizani kapiloko motero ndi singano yapamanja. Lowerukalo likadutsa, mukafuna mudzausolole. Ngati misozi ikuphimbani m'maso, mwana wanu alowetse ulusi pasingano, inu musoke.

Koma za khomo la kukhitchini, ayi ndithu, achimwenewo athokozeni basi. Munthu wopezeka m'holo atazemba pageti ndi amene alonda amam'secha mopanda chifundo, ndipo angakutulutseni anthu onse akuona, mwana wanu ali m'gauni. Wosesa uja nayenso ntchito ingam'there pompo. Komanso inu simunabe kanthu koti muzilowera kuseri. Khadi muli nalo, mpando ndi wanu, diresi la wolandira digiriyo munasoka ndinu.

Khansa inakulandani bere, mayi. Musaipatsenso mpando umenewo.

Aphungu