Latyr Sanatembenuke

Kaolack,
12 Epulo 2017

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndiponso kuti mwendo uja wasiya kukuvutitsani. Kuno kutentha ndi komwe kuja, ntchito yosoka ikuyenda, Yacine ndi ana alipo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zinazo dzanja likuchita kukana kulemba.

Loweruka lapitali masana kunabwera oimba ng'oma pabwalo la pafupi ndi msika. Yacine anali kwa mnzake kopatsa mwana dzina, ndiye ndinati anawa ndipite nawo ndekha, aone kuti bambo awo sadziwa kukalipa kokha. Dieynaba anavala diresi yake ya pa chikondwerero cha Tabaski. Latyr, mdzukulu wanu amene ndimamutcha Nkhutukumve uja, ndinamunyamula paphewa.

Ng'oma zitayamba, fumbi linati koboo, amayi akulumphira m'bwalo mosinthana. Dieynaba anatseka makutu uku akuseka. "Ababa, zikundigunda m'mimba!" Latyr anangokhala pamchenga, akukumba ndi chitsekerero cha botolo. Ine mumtima ndinati, mwamuna ndi ameneyu, phokoso saliopa.

Kenako woimba tama, kang'oma kopanira m'khwapa kaja, anayamba kuzungulira pakati pa anthu monga amachitira, kutamanda uyu ndi uyu. Ndi bambo wachikulire, mano otsala awiri okha. Anatidzera kumbuyo n'kukaliza pamutu pathu penipeni. Ine ndinadzidzimuka mpaka chipewa chinagwa, anthu n'kufa nako kuseka. Latyr sanatembenuke.

Bambo uja anasiya kuseka. Anagwada kumbuyo kwa mwana n'kuliza kukhutu lamanja, kenako lamanzere. Amayi, mukudziwa inu kuti kang'oma kameneka kamamveka ndi kutsidya kwa mtsinje. Mwana anapitiriza kukumba mchenga.

"Bambo a mwana," anatero motsitsa mawu, "uyu mukamuitana amayankha?"

"Akafuna. Makani anatengera agogo ake aamuna."

"Akafuna, kapena akakuonani?"

"Madala, inu imbani ng'oma zanu. Udokotala muwasiyire eni ake."

Ndinali nditapsa mtima, koma iye sanandibwezere. Anatenga kadzanja ka Latyr n'kukaika pang'omapo, n'kumenya kamodzi. Mwana analumpha, maso ali tong'o, kenako anaseka kwambiri n'kukakamira ng'omayo osafuna kuisiya. Pamenepo Dieynaba anandikoka malaya.

"Ababa, simumadziwa kodi? Ine ndikamufuna ndimamugwira paphewa. Kuitana samva."

Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi ankadziwa, Amayi. Ine bambo wake, amene ndimaona ulusi wokhota pa malaya a munthu ali kutali, sindinaone kanthu. Ndinakhala pansi pompo. Momwe tinafikira kunyumba sindikukumbuka.

Tsopano ndikuuzeni zimene sindinakuuzenipo. Chidwalire malungo aakulu aja chaka chatha, timawu tochepa timene ankanena tinatha, ine n'kumati ndi kusasatitsidwa ndi mayi ake. Ndamumenya kambirimbiri chifukwa chosayankha. Mwezi watha anathamangira kumsewu ngolo ya hatchi ikubwera. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa, iye osaima. Nditamugwira ndinamukwapula ndi lamba, Yacine akundigwira manja akulira. Nthawi yonseyo mwanayo ankandiyang'anitsitsa pakamwa, ndipo ine ndinati ndi mwano, ndinawonjezera ziwiri. Ankafuna adziwe chimene ndinkanena.

Lolemba tinapita naye kuchipatala. Akuti khutu lamanja latheratu, lamanzere akufuna akaliyeze ku Dakar pa 24 mwezi uno. Yacine sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zimenezi zikundipweteka kuposa akadanditukwana. Kumakina ndimangokhala, nsalu ili m'manja. Ndili ndi manyazi, ndili ndi mantha.

Ndikupempha mubwere mudzatiperekeze, ngati mwendo ukulolani. Inu munalera ana asanu ndi awiri, mwina mukudziwa momwe munthu amapepesera mwana amene sangamve kupepesako. Ndayesa kawiri. Amangondigwira ndevu, ndipo ndikakweza dzanja kuti ndimusisite amatseka maso n'kubisa mutu.

Mupereke moni kwa amalume a Ngor ndi onse a pakhomo, koma nkhaniyi musayambe mwawauza. Yacine akupereka moni mwaulemu. Dieynaba akuti mumubweretsere mtedza wokazinga. Latyr ndinamuonetsa chithunzi chanu, anachipsompsona n'kuchiika m'thumba lake. Lachisanu likubwerali musavutike kuimba foni kuti mumuimbire kanyimbo kanu kaja. Miyezi yonseyi ine ndinkamugwirizira foni kukhutu, inu mukuimba, ine n'kumakuuzani kuti akumvetsera.

Bwerani, Amayi, akuoneni nkhope.

Ine mwana wanu,
Birame