Njerwa Imodzi Igone pa Ziwiri

9 Novembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi, ndipo msana uja ukukupatsaniko mpata wogona. Ine kuno ndili bwino, ndipotu kungoti bwino n'kuchepetsa. Ndili ndi nkhani imene ikundiyabwa pakamwa kuyambira Lachinayi, moti azakhali atopa nane, akuti ndikuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndikanatha kuimba foni, koma ndimakudziwani, mukanadula ndisanafike n'pakati pomwe. Kalata simungaidule. Ndiye valani magalasi, khalani pampando wanu uja wa pakhonde, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kuitana amayi mokweza.

Ndiyambe ndi kuulula. Kushopu ya fotokope kuja, kumene azakhali anandipezera ntchito inu mutawapempha, ndinasiyako mu Malichi. Ndikamakuuzani pafoni kuti kuntchito kukuyenda bwino sindinkanama, kungoti inu simunafunse kuti ntchito yake iti. Bambo, ndikumanga. Ndikumanga ndi njerwa, simenti ndi mchenga, ngati inu. Ndanena, ndipo mtima wanga wapepuka. Tsopano mverani mmene zinayambira, chifukwa mlandu wake theka ndi wanu.

Tsidya la msewu, moyang'anizana ndi zenera la shopu ija, kampani ina inayamba kumanga makalasi a sukulu. Ine makina akamalavula mapepala, maso anga amakhala ali uko. Tsiku lina ndinaona khoma la kumapeto likukwera molakwika. Mizere ya matope yoimirira ija inali kugundana, wapamwamba kugwera pa wapansi, kutsika choongoka ngati mzere wa m'kope. Ndinamva mawu anu m'khutu, aja munkandiuza ndili wamng'ono ndikukugwirirani chingwe: "Njerwa imodzi igone pa ziwiri. Zikapanda kulumana choncho, limenelo si khoma, ndi mulu." Ndinayesa kuyang'ana kumbali, ndinayesa kuwerenga mapepala a kasitomala, koma zinakanika. Nthawi ya nkhomaliro ndinawoloka msewu.

Kapitawo wa pamenepo ndi bambo wamkulu thupi, ndipo onse amangomutchula kuti a Changu, chifukwa pakamwa pawo sipachoka "Changu! Changu!" Ndinawapatsa moni, kenako ndinati, "Pepani bambo, khoma lakumapetolo bondi yake yathawa, njerwa sizikulumana."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi. "Iwe ndiwe ndani?"

"Ndine wa pafotokope apo."

Kuseka kwake! Amisiri onse anasiya ntchito. A Changu anapukuta misozi n'kunena kuti, "Chabwino mayi, pitani mukajambule khoma labwinolo, mutibweretsere makope khumi." Ndinabwerera kushopu manyazi atandigwira mpaka kumapazi, ndikudzitukwana kuti pakamwa panga padzandipha.

Patapita masiku atatu kunabwera injiniya wa kampaniyo, mayi wamfupi wa chipewa choyera, wosalankhulalankhula. Ndinaonera pazenera. Anaima pakhoma lija, analoza ndi cholembera, ndipo pofika madzulo khoma lonse linali pansi. Mawa lake a Changu anatulukira kushopu ndi mapulani oti ndiwajambulire. Anaima pakauntala akukanda m'mutu, kenako anati, "Iwe, zija unazionera pati?" Ndinati pazenera. Iwo anati, "Loweruka ubwere, tione ngati manja akudziwa zimene pakamwa pakudziwa."

Ndinapita Loweruka limenelo, ndinapitanso lotsatira, ndipo Malichi asanathe ndinatsanzika kushopu. Azakhali anakalipa masiku awiri, tsiku lachitatu anandigulira mafuta opaka m'manja. Musawaimbe mlandu, ndine ndinawapempha kuti asakuuzeni.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi iyi. Kampani inalengeza kuti itumiza munthu mmodzi wa pamalo athu kusukulu ya amisiri, zaka ziwiri, kuti akabwere ndi pepala lake. Tinalembetsa anthu anayi, ndipo mayeso anali Lachinayi lapitali m'mawa. Aliyense anapatsidwa malo ake, mulu wa njerwa, wilibala ya matope ndi maola awiri, kuti amange kona ya khoma lochindikala, mzere wina njerwa zogona m'litali, mzere wotsatira zopingasa. Pa anayife, amene onse ankamuwerengera ndi mnyamata wina wamtali wotchedwa Ndege. Dzinalo silonama, munthu ameneyo akagwira njerwa manja saoneka.

A Changu ataimba likhweru, anzanga atatu aja anayamba kuwaza matope nthawi yomweyo. Ine ndinachita zanu zija. Ndinayamba ndaviika njerwa m'mgolo wa madzi, poti munkati njerwa yaludzu imamwa madzi a m'matope n'kusiya mchenga wokhawokha. Kenako ndinayala mizere iwiri yoyamba popanda matope, kungoona mmene njerwa zikhalire, n'kuzichotsanso. Anthu oonerera anayamba kundiseka. Wina anakuwa kuti, "Achemwali, mukumanga kapena mukugulitsa njerwa?" A Changu anadutsa kumbuyo kwanga n'kunong'ona kuti, "Changu, mwana iwe, usandichititse manyazi." Nditacheuka ndinaona Ndege ali kale pamzere wachitatu, ine ndisanaike ndi njerwa imodzi yomwe.

Ndiye panafika pa kanjerwa kaja, kong'amba pakati m'litali mwake, kamene mumakaika pafupi ndi njerwa ya pakona kuti mizere isagundane. Kaja munkakatcha mkhalapakati. Njerwa yoyamba inasweka patatu. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinangotsala pang'ono kulira pamaso pa anthu. Ndinapuma, n'kukumbukira kuti inu simunkamenya njerwa ngati yakulakwirani. Munkaigogoda pang'onopang'ono kuzungulira mbali zonse, mukumvetsera, mpaka kulira kwake kutasintha, ndiye n'kuimenya kamodzi. Ndinatero. Bambo, inang'ambika bwinobwino ngati sopo! Ndinakuwa ndekha, anthu n'kumadabwa kuti mtsikanayu wapenga kapena.

Kuchokera pamenepo manja anakhazikika. Chingwe, matope, njerwa, levulo, chingwe, matope, njerwa, levulo. Koma likhweru lomaliza litalira ine ndinali ndi mizere isanu ndi iwiri yokha. Ndege anali ndi khumi ndi umodzi, enawo isanu ndi inayi aliyense. Kona yanga inkaoneka ngati mwana pakati pa akuluakulu. Ndinakhala panjerwa n'kudziuza kuti basi, zatha, ndikapepese kushopu ya fotokope mwina andilandiranso.

Mayi injiniya aja anabwera ndi levulo yawo. Anayeza makona onse anayi. Kenako anavala magolovesi n'kuyamba kuchotsa njerwa za pamwamba, poti matope anali asanaume, kuti aone m'kati. Pa Ndege, kunja kunali kokongola zedi, koma m'kati anali atangoponyamo zidutswa n'kukwirira ndi matope. Pa awiri enawo, mkhalapakati panalibe, mizere inagundana pakona penipeni. Atafika pa ine anachotsa mzere umodzi, wachiwiri, wachitatu. Ananyamula kanjerwa kong'amba kaja, anakatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Wakadula ndi makina?"

Ndinati, "Ayi mayi, ndi mpeni womangira."

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Bambo anga."

"Ali pakampani iti?"

Ndinati munapuma pantchito, msana unakuvutani mutagwa pamakwerero. Iwo anagwedeza mutu, anabwezera kanjerwa kaja pamalo pake bwinobwino, n'kunena kuti, "Ukawauze bambo akowo kuti ntchito yawo ndaiona."

Mwamva, Bambo? Sanati ntchito yanga. Anati ntchito yanu. Ndalemba mawuwo momwe anawanenera, sindinawonjezere mchere. Atatero anatembenukira kwa a Changu n'kunena kuti wopita kusukulu ndine. A Changu anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba, chinakagwera m'wilibala ya matope, ndipo anayamba kuuza aliyense kuti anandizindikira ndi iwo tsiku loyamba lomwe. Za makope khumi zija aiwala. Ndege anabwera kudzandigwira chanza, nkhope ili yolemera, koma anabwera ndithu, ndipo ndamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Ine ndinathamanga ulendo wonse mpaka kunyumba, nsapato zantchito zili kuphazi, ndinalowa nazo mpaka pabalaza pamene azakhali anali atangokolopa kumene.

Mu envelopu muno mupezamo pepala lina. Ndi pangano la kampani, loti iwo anditumiza kusukulu, ine ndikamaliza ndidzawagwirira ntchito zaka zitatu osathawira kwina. Pepala limenelonso akulitcha bondi. Mawu amenewa andizungulira chaka chino! Kushopu kuja bondi linali pepala loyera lija loika m'makina, kuntchito ndi kalumanidwe ka njerwa, lero akuti ndi pangano. Kaya eni chilankhulo chachizungucho mawu anawathera, kaya ndi ulesi chabe, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pansi pa pepalalo pali mizere iwiri. Wina ndi wanga, ndasaina kale. Winawo alemba kuti kholo kapena wachibale, ndipo pepalalo liyenera kubwerera ku ofesi pasanafike pa 30 mwezi uno. Likapanda kubwerera, malowo apatsa Ndege.

Azakhali atangoliwerenga anathamangira cholembera, akuti, "Wachibale ndine, bweretsa kuno, bambo akowo adzamva zitatha." Ndinawalanda pepalalo. Ndakubisirani miyezi isanu ndi itatu, ndipo yandikwana. Sindikufuna kulowa pakhomo la sukulu imeneyo mozemba ngati wakuba. Mzere umenewo ndi wanu. Mukakana kusaina, wina aliyense sasainapo, ndipo sindipita. Ndalumbira choncho pamaso pa azakhali, iwo n'kunditcha chitsiru, mwina akunena zoona.

Sindinaiwale chifukwa chimene mungakanire. Ndikukumbuka tsiku munatuluka m'chipatala, mukuyenda mogwira khoma. Munatenga mpeni wanu womangira, munaupukuta, munaukulunga m'chiguduli n'kuuika m'bokosi la pansi pa bedi. Munationetsa zikhatho zanu zong'ambikazo n'kunena kuti, "Simenti yadya manja okwanira m'nyumba muno. Mwana wanga adzagwira cholembera." Ndinamva, ndipo ndinayesetsa, Bambo. Chaka chathunthu ndinaima pamakina aja. Koma sindikunamizani, tsiku lililonse kumeneko linkatalika ngati sabata, pamene kuno dzuwa limalowa ndisanakhute ntchito. Manja anga ayamba kukhakhala, zimenezo sindibisa, ndipo madzulo ena mapewa amawawa. Komabe kuno amatipatsa magolovesi, zipewa ndi malamba, ndipo makwerero ake ndi achitsulo, omanga ndi mabawuti, osati mitengo yomanga ndi waya ngati imene inakugwetsani ija. Mayi injiniya akapeza munthu pamwamba alibe lamba amamubweza kunyumba tsiku lomwelo.

Kwatsala kuulula kumodzi, ndipo uku ndiye mundikhululukire kwambiri. Mpeni wanu uja sunasowe. Amalume sanaubwereke n'kuiwala kubweza monga mwakhala mukunenera. Ndinautenga ine, nditabwera kudzakuonani mu Epulo. Amayi anandipeza ndikuulowetsa m'chikwama, anandiyang'ana, kenako anatembenuka n'kuyamba kusesa pamene anali atasesa kale. Musawakalipire, iwo sananene kanthu ndipo ine sindinawafunse. Koma amalume mukawapepese, chonde, munthu wosalakwa wakhala miyezi yonseyi mukumuyankha moni ndi mphuno. Mkhalapakati amene mayi injiniya anamutembenuza uja anadulidwa ndi mpeni wanu.

Mukaona kuti simungathe, bwezani pepalalo momwe lilili. Sindidzakwiya, kapena ndinene zoona, ndidzakwiya pang'ono kenako zidzatha. Mpeniwo ndidzabwera nawo ndekha, wokulunga m'chiguduli chake, ndidzaubwezere m'bokosi. Koma mudziwe kuti pachigwiriro chake pali kadzenje kamene chala chanu chachikulu chinakumba pa zaka zonse zija. Chala changa chimalowamo bwinobwino, kungoti sichidzazamo. Ndimafuna mutandipatsa zaka zoti chidzazemo.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti juzi ija ikundikwana ndipo ndikudya mokwanira, asadandaule. Moni kwa amalume, mukamaliza kuwapepesa. Azakhali akuti moni, akutinso mukafuna kukalipa muyambire kwa iwo, akudikira. Mankhwala a msana musamadumphitse, ndipo musamanyamule ndowa amayi akachokapo, ndimamva zonse.

Mu envelopumo ndaikamonso cholembera chatsopano, ndachiyesa, chikulemba, kuti musati munasowa. Munati mwana wanu adzagwira cholembera. Lero ndikupempha kuti muchigwire ndinu, Bambo, kamodzi kokha.

Ndine mwana wanu wokukondani, uja ankakugwirirani chingwe,

Kachingwe