Tsamba Lofiira Lopanda Ndakatulo

Lachitatu, pa 9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Mwana wanga Kanjiwa andilanda. Lero ndi tsiku lachinayi ali kwa apongozi, ndipo sakundilola ngakhale kumuyamwitsa.

Mlandu wake ndi wa pepala. Paja mukudziwa kuti ndimapinda mapepala kosindikiza mabuku kuja. Mwezi watha kunabwera mayi ena ojambula, timangowatchula Anti Penti chifukwa zala zawo sizichoka utoto. Akupanga kabuku ka ndakatulo ndi zithunzi. Tsamba lililonse akutenga mawu amene amatitukwana nawo akazife, mfiti, chumba, hule, n'kuwalemba akuluakulu mokongola, pansi pake ndakatulo yoyankha. Amati mawuwa tikawavala tokha asiya kuluma.

Tsiku lina pa nthawi yopuma anandifunsa kuti, "Iwe mng'ono wanga, lako ndi liti?" Ndinaseka, kenaka ndinalira. Ndinawauza kuti apongozi amanditcha hule chifukwa ndimagwira ntchito pakati pa amuna. Izi sindinakuuzenipo, ndinkachita manyazi. Anandijambula nditabereka Kanjiwa, zilembo zinayi zija zili ngati nsalu yomuberekera. Nkhope anaisintha, koma chipsera changa cha pansidze chinatsala. Ndine ndinati achisiye, achemwali. Ndinkafuna ndizidziwa ndekha kuti ndi ine.

Ndakatulo yake ikuti, "Dzina munandigenda nalo ndalichapa, ndaliyanika, ndaberekera mwana wanga." Nditaimva ndinayenda choweramuka tsiku lonse.

Tsono makina athu amasindikiza kawiri. Poyamba inki yofiira, ya chithunzi ndi liwu lalikulu lija, mawa lake yakuda, ya ndakatulo. Mapepala amene adetsedwa ulendo woyamba sabwereranso m'makina, antchitofe timagawana kuti tikayale m'kabati. Ine ndinangonyamula mulu osayang'ana. Lamlungu apongozi anabwera kudzationa. Pofuna kapu anatsegula kabati, n'kupeza ine, chipsera changa, mdzukulu wawo kumbuyo, ndi liwu lija lofiira psuu. Ndakatulo palibe.

Anatuluka nalo panja akukuwa, "Bwerani mudzaone! Wavomera yekha! Mpaka kumukulunga nalo mwana wathu!"

Bambo a Kanjiwa sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangopinda pepalalo, kuika m'thumba la malaya, n'kunyamula mwana.

Dzulo ndinapita kwa apongozi ndi kabuku kathunthu, Anti Penti anandiperekeza. Anafotokoza bwino ndithu, koma apongozi anati, "Amayi inu, tizilembo tating'onoti ndi tanu ophunziranu. Ife tikuwerenga zazikuluzi." Bambo a Kanjiwa osandiyang'ana n'komwe anati, "Amayi akakutukwana m'nyumba zimathera m'nyumba. Iwe wakasindikiza." Kanjiwa anamva mawu anga, anayamba kulira kuchipinda. Chitseko sanatsegule.

Pobwerera Anti Penti ankalira kuposa ine, akuti achotsa tsambalo. Achotsa bwanji poti mabukuwo ndinapinda ndi manja angawa, ndipo apita kale m'masitolo? Iwo akalira apita kwawo. Sindikuwada, koma sindikufunanso kuwaona.

Loweruka abale a bambo a Kanjiwa akumana kuti agamule kumene mwana azikhala, ndipo ine ndilibe wondiyankhulira. Ndikatsegula pakamwa mawu amandithawa. Chonde fikani Lachisanu, inu amakuopani pang'ono. Amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa.

Ndiulule chinanso. Tsamba lathunthu, lokhala ndi ndakatulo yake, ndalibisa pansi pa pilo. Ndayesa kuling'amba, ndalephera. Ndimaliwerenga, koma silikundiweramutsanso.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Masiku onse ndimatsiriza kalata ndi moni wa Kanjiwa, n'kuzunguliza cholembera pa kadzanja kake pansi apa. Malo ake ndawasiya. Mkaka wanyowetsanso bulauzi, ndilekere pomwepa.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kanjiwa