Chingwe Chikukana

Lolemba, 6 Okutobala

Alamu anga a Isake abwera m'mawa. Chipewa m'manja, mawu ofewa. Akuti abale akumana, agwirizana zondisudzula popeza chaka chinakwana kale chimwalirireni mkazi wanga Kettie. Ndibwerere kwathu ku Mitundu. Nyumba ndi munda zitsalira mwana wathu Tiyamike, amenenso akukwatiwa mvula ikatha. Mkamwini watsopano akamalowa, wakale atuluke. Sindinatsutse. Ndikanatsutsa ngati ndani pamudzi pa eni ake?

Ndinangofunsa za mabulugamu anga akumunsi kwa dimba. Ndinadzala ndekha, ndinathirira ndekha. Iwo akuti, "Dulani kaye alamu, mucheke matabwa anu okamangira kwanu. Mukamaliza ndiye tidzakusudzulani. Ife si anthu olanda." Anthu abwino ndithu.

Ndawauza kuti imeneyo ndi ntchito ya sabata imodzi. Ndinakweza mawu dala, Tiyamike amve kukhitchiniko kuti bambo ake sakupempha malo.

Masana ndatsitsa makina odulira mitengo padenga la chigafa. Ali m'thumba la feteleza lomwe ndinawakulungamo Kettie atayamba kudwala. Fumbi, timanyi ta makoswe. Kukoka chingwe: gwa! Ngati ndikuzula chitsa.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndamasula pulagi. Popanda pulagi chingwe chikuyenda bwinobwino, ndiye kuti injini sinagwirane. Kubwezeretsa pulagi, gwa.

Petulo wakale m'thanki wafiira, fungo ngati vanishi. Ndataya kuseri kwa bafa. Nkhuku zinathamangira kukaona, zinabwerako zokha.

Makinawa ndi aakulu aja, amphamvu mopitirira. Ngakhale kale ankafuna munthu woti wadya. Kettie ankawatcha "mkazi mnzanga", akuti ndimawanyengerera kuposa iye. Sizinali zoona. Mwina pang'ono.

Chingwe chabweza, chandimenya chala. Chatupa.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ku Mitundu pa kabaza, makina pamiyendo ngati wodwala. Fumbi mpaka m'makutu.

Ndapita kwa Luka, wokonza njinga zamoto kuseri kwa msika. Watsuka kabuleta, waika pulagi watsopano, wathira timadontho ta oyilo m'kati. Kenako wavula malaya kuti andionetse kakokedwe. Chingwe chamukana nayenso, pamaso pa makasitomala. Zandisangalatsa, sindibisa. Akuti, "Madala, ena amakhala ndi kabatani kofewetsa chingwe. Awa alibe. Awa amafuna phewa." Anayang'ana phewa langa nkuyamba kupukuta sipanala.

Petulo wa m'chigubu, mtengo wake sindilemba kuopa kudwala.

Ndadutsira kwa mlongo wanga Patricia kukaona pomwe ndidzamange. Kuseri kwa khola la mbuzi, pafupi ndi chulu. Ndati malo ndi abwino. Akuti, "Muyamba mwagona m'chipinda cha fodya, achimwene, tisesamo." Adzukulu ake amandisuzumira pazenera, kufunsana kuti alendowo ndi a kuti.

Andiphera nkhuku. Kwathu, pomwe ndinabadwira, kundiphera nkhuku. Ngati mlendo.

Loweruka, 11 Okutobala

Makina pansi. Phazi m'chogwirira chakumbuyo, dzanja lamanzere pamwamba, choko, chochepetsa mpweya chija, chotseka. Kukoka pang'onopang'ono mpaka chingwe chilume, ndiye nkutsomphola mwamphamvu. Ndimadziwa. Ndaphunzitsapo anthu.

Akhosomola kamodzi. Pwe! Basi.

Amuna a m'mudzi asonkhana pakhonde, aliyense ndi nzeru zake. Wina akuti ndiwayanike padzuwa atenthe. Wina akuti ndithiremo kachasu pang'ono, iye atha kukagula ndikamupatsa ndalama. Mkulu wina, amene sanagwirepo ngakhale sikuludiraiva, wapukusa mutu nkunena kuti, "Awa ndi a Kettie, sakufuna." Ndamuuza kuti Kettie za kabuleta sankazidziwa.

Palibe ndi mmodzi yemwe anapempha kukoka.

Phewa likuyaka moto. Tiyamike wandithowa ndi madzi otentha, dzanja lake lolemera ngati la amayi ake. Ali mkati mothowa wandifunsa, "Kodi ababa, mukuthamangira kuti?" Ndati ntchito ndi ntchito.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Sindinakoke. Phewa.

Ndakonza chitseko cha khola la nkhumba. Ndasintha nsungwi zowola kunkhokwe. Ndanola makasu onse, ngakhale mvula ikamadzagwa ine ndidzakhala kulibe.

Ndatsikira kudimba kukaona mitengo. Yowongoka, yonenepa, ina sindingaikumbatire. Kettie ankandiseka pomwe ndinkaidzala, akuti mkamwini wanzeru amadzala tomato. Ndakhala pamthunzi mpaka dzuwa kupendeka. Sindinaganize kanthu.

Sabata imodzi ija yadutsa. A Isake angondilonjera mwaulemu kuposa masiku onse.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndapeza.

Ndimangofuna kupukuta mwaye kuekisozi, potulukira utsi. Kumasula chivundikiro, m'kati dothi lokhalokha, louma gwa. Mavu aja omanga ndi matope anamanga mudzi wathunthu m'menemo. Injini ipuma bwanji? Luka sanayang'aneko. Inenso sindinayang'aneko, ndiye tisiye za Luka.

Ntchito yake ndi ya kawaya basi. Madzi a tiyi asanawire nkuti yatha.

Ndayang'ana. Ndayang'ananso. Ndatseka chivundikiro dothi lili momwemo, ndamanga mabawuti onse bwinobwino.

A Isake podutsa: "Zikuyenda alamu?" Ndati tikufufuzabe.

Lamulungu, 19 Okutobala

Kutchalitchi. Benchi yanga yomwe ija, pafupi ndi zenera losweka. Amayi a Mvano aimba nyimbo yomwe Kettie ankayambitsa. Woyambitsa wa lero anaikweza kwambiri, ena anakanika kufikira.

Potuluka aliyense, "Tamva mukutisiya." Ndimangomwetulira ngati ndawina njinga.

Pano ndinabwera ndili mnyamata, ndi kasutikesi ndi nkhwangwa. Chitsime chakudimba ndinakumba ndine. Theka la madenga a m'mudzi muno, mitengo yake ndinacheka ndine. Maliro onse ndakumba nawo manda.

Sindikufuna kupita. Ndalemba. Ndi zimenezo.

Lachitatu, 22 Okutobala

Ndondomeko ya masiku ano: m'mawa anthu akamapita kumadimba, ndimatulutsa makina pakhonde. Phazi m'chogwirira, nkhope ya munthu wozunzika. Kukoka, kupukusa mutu, kumasula pulagi, kumuyang'ana padzuwa, kumuuzira, kubwezeretsa. Odutsa amati pepani. Ndimati zikomo.

Vuto ndi loti phewa silidziwa kuti ndi sewero. Likupweteka zenizeni.

Petulo akuuluka yekha m'chigubu. Sopo watha. Wa kabaza uja ndimamuzemba, sindinamulipire.

Lero Tiyamike amasesa pakhonde, makina ali pomwepo. Wawerama, wasuzumira kuekisozi nthawi yaitali ndithu. Mwanayu anakulira pambali panga ndikamakonza makinawa, amadziwa zambiri kuposa Luka. Wadzuka nkunena, osandiyang'ana, "Mavu achuluka chaka chino, ababa."

Ndati ee, achuluka.

Wapitiriza kusesa. Masana wandiikira mazira awiri m'malo mwa limodzi.

Loweruka, 25 Okutobala

Mitambo kum'mawa. Kutentha koti galu sakuuwa.

A Isake abweranso, chipewa m'manja. Akuti akumva chisoni ndi phewa langa. Akutinso mvula ikangogwa, ngolo sidzafika kudimba, matabwa adzawolera komweko. Ndiye abale asonkherana, apeza munthu wa makina ake pa Nathenje. Abwera Lachiwiri. Ine ndisalipire kanthu. "Mwatigwirira ntchito zaka zambiri alamu, nafenso tikuthandizeni."

Ndathokoza. Ndinachita kuwomba m'manja.

Munthuyo ndimamudziwa. Amadulira m'chiuno chifukwa chaulesi wowerama. Amagwetsera mtengo pamwamba pa unzake. Zitsa zake zimang'ambika, madzi amalowa, zimawola. Matabwa ake ukakhomera padenga, malata amachita kuvina.

Bulugamu ukamudulira pansi, mopendeketsa pang'ono kuti madzi azitsetsereka, amaphukanso. Mphukira zimenezo si zanga, ndi za Tiyamike. Pakadutsa zaka adzapezapo mitengo ya chigafa, nkhuni, ndalama ya fizi ya ana. Zimenezi a Isake sanaziganizire. Sindikuwada, iwo ndi a fodya.

Kudula adula ndithu. Kaya ine kaya iye.

Chakudya chamadzulo ndangotola pang'ono.

Lolemba, 27 Okutobala

Ndinadikira Tiyamike apite kumjigo.

Sipoko ya njinga. Dothi lagwa lonse, lodzaza chikhatho. Ndauzira, ndatseka. Ndanola tcheni, ndathira oyilo. Petulo watsopano.

Makina pansi. Phazi m'chogwirira. Choko. Mumtima ndimati mwina pali vuto linanso, makina okhalitsa sasowa chifukwa. Ndinapempheradi, Mulungu andikhululukire, kuti likhalepo.

Kukoka pang'onopang'ono, chingwe chaluma. Kutsomphola. Pwe! Kutsegula choko. Kutsompholanso.

Alira.

Alira ngati sanagonepo. Utsi bwalo lonse, nkhuku balalabalala, ana kuthamanga kuchokera mbali zonse. Makina amenewa amamveka mpaka kutsidya kwa dambo, palibe zobisa. A Isake anatulukira pampanda akukweza chipewa m'mwamba. Pakamwa pawo pamaoneka kuti akuti zatheka alamu.

Manja anga anasangalala. Zimenezo ndiye zandinyansa.

Tiyamike wabwera chidebe chili theka, chitenje chonyowa mbali imodzi. Waima pakhomo la mpanda osatula. Ndimafuna kumuuza za zitsa, kuti ndikuchitira iye, kuti munthu wa pa Nathenje akanaononga. Koma makina akamalira munthu samveka.

Ndikanatha kuzimitsa. Chala chinali pomwepo.

Makina oti angodzuka kumene sazimitsidwa msanga, amafunika atenthe kaye. Ndi zimene ndidzanene wina akadzafunsa.

Tiyamike anaima, anaima, kenako analowa m'nyumba.

Mawa ndiyambira wakumapeto, wopendekera kumtsinje uja. Ndiuze Patricia asese m'chipinda muja. Ndimuuzenso kuti za nkhuku asiye, ine si mlendo.